Kogona kwa Fabiano

Ndinadzidzimuka tambala asanalire, khosi litauma chifukwa ndinagona chokhala, msana nditatsamira khoma. M'nyumba munkamveka fungo la parafini ndi la zitenje zonyowa. Amayi amene anachezera kuimba anali atagwa ndi tulo mmodzimmodzi, wina mutu pamwendo pa mnzake, ndipo awiri okha ndiwo ankakokabe nyimbo ndi mawu osasa. Pakati pathu, pamphasa, panagona alongo anga atafunditsidwa nsalu yoyera. Anali mwamuna yekhayo m'mimba mwa amayi athu, mwini mbumba wathu. Anamwalirira kuchikamwini ku Dambe atavutika ndi chifuwa nthawi yaitali, ndipo dzulo lake madzulo thupi linafika kwathu kuno ku Kapondo pangolo yawo yomwe.

Munthu woferedwa amadzuka ndi chisoni. Ine ndinadzuka ndi funso lakuti Fabiano ali kuti. Fabiano ndi mwana wanga woyamba, amene nthawi imeneyo anali atangoyamba kumera ndevu, ndipo ndiye anayendetsa ngolo ija. Kunali kuponda kwake koyamba pakhomo panga chichokereni zaka zitatu m'mbuyomo. Atafika sanandipatse moni. Anathandiza kutsitsa thupi, namasula ng'ombe pagoli, nalowa mumdima.

Ndinalumpha miyendo ya anthu n'kutuluka. Kunja kunkawaza, mvula ija ya Januwale yosagwa komanso yosakata. Abambo anali atazungulira moto pansi pa tenti yobwereka, ena akuwodzera pamabenchi a kutchalitchi. Ndinawayang'ana nkhope mmodzimmodzi, koma iye panalibe. Ndinakampeza kuseri kwa nkhokwe, atadzipinda pansi pa ngolo, ali m'tulo tofa nato. Ng'ombe ziwiri zija sanazimange. Zinali m'munda mwa aneba athu, zikudya chimanga chimene chinali chitangoyamba kumasula ngayaye. Mwini munda, bambo wachikulire ndithu, anali ataima pamenepo chipewa chili m'manja. Anandiuza kuti iwo si munthu wolankhula za chimanga pa tsiku la maliro, ndipo analankhula za chimangacho mpaka kunja kunayera.

Fabiano ndinamudzutsa ndi phazi. Anatsegula diso limodzi, nandiuza kuti ng'ombe zayenda ulendo wautali ndipo zinali ndi njala. Kenaka anadzuka, naimba likhweru kamodzi, ng'ombe zija n'kubwera zokha ngati agalu. Chimenechi chinandipsetsa mtima koposa, poona kuti akanafuna akanazisunga bwinobwino.

Kuti mumvetse za tsikuli, ndinene mmene mwanayu anachokera pakhomo. Bambo ake omubala anawoloka malire kukafuna ganyu ku Zambia iye akukwawa, ndipo sanabwerenso. Ndinakwatiwanso, n'kubereka mwana wamkazi, Roza. Amuna anga achiwiriwa si mngelo, ankamumenya akalakwa, komanso nsapato zake zoyamba anamugulira ndi iwo. Mavuto anayamba ali sitandade faifi. Anasiya sukulu n'kuyamba kutsatira anyamata onyamula shuga ndi feteleza m'njira zachidule za m'malire. Kumeneko anaphunzira fodya wamkulu. M'nyumba munayamba kusowa zinthu: lero nkhuku, mawa poto, mkuja mbewu. Koma kuba kokha ndikanapirira. Chimene chinatigonjetsa ndi ukali wake, umene unkabwera ngati kamvulumvulu popanda woputa. Tinapemphera naye. Tinapita naye kuchipatala, anatipatsa mapilisi, iye n'kuwaponya m'chimbudzi. Ndinawoloka naye malire kupita kwa sing'anga wina, ine Mkatolika, ndikubisala ngati mbala. Apolisi anamusungako, anatuluka ali chimodzimodzi.

Tsiku lina Roza, ali kamwana, anaulula kuti achimwene ake atapa mtedza wambewu. Fabiano anatola mpini wa khasu n'kumuthyola mkono. Amuna anga anamukwapula, ndipo sabata isanathe chigafa chawo chinapsa, fodya wa chaka chonse ali momwemo. Ndinatumiza uthenga ku Dambe. Alongo anga anabwera pangolo, anaona phulusa, anaona mkono wa Roza, ndipo sanafunse mafunso. Anangoyang'ana mphwawoyo n'kuti, "Kwera." Anakwera.

Sindinganame kuti kwa atsibweni ake anachira. Kumenekonso nkhuku za anthu zinkasowa, ndipo ankathawa n'kukatha masabata kutsidya. Koma alongo anga ankapalasa njinga kukamufuna, akamupeza n'kubwera naye, m'mawa mwake n'kumupatsa goli kuti amange ng'ombe ngati palibe chachitika. Ine ndinkapita kukamuona ndikakolola, nditasenza mtedza ndi ufa. Nthawi zina ankandilandira, nthawi zina ankandiona ndikubwera n'kulowa m'tchire. Kumudzi kuno amayi pachitsime ankati ndinataya mwana kuti ndisunge banja. Ndinkawamva, n'kutunga madzi anga, n'kumapita. Roza ankagona tulo, ndipo mkono wake unalunzika ngakhale unapindika pang'ono. Umo ndi mmene tinkakhalira, ndipo munthu amene ankachititsa kuti zitheke ndi amene anagona pamphasa m'nyumba mwanga m'mawa umenewo.

Kutacha, amayi anayamba kusonkha moto kuseri kwa nyumba. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unkangokwawa pansi n'kumalowa m'maso, ndiye sunkadziwa amene akulira maliro ndi amene akulira utsi. Atsikana ankapita ndi kubwera kuchitsime, ndowa pamutu, matope mpaka m'mawondo. Nyemba zinatherekedwa m'migolo yodula pakati. Mbuzi imodzi inaphedwa kuti alendo akuchikazi apeze ndiwo. Ine monga namfedwa ndinayenera kukhala m'nyumba pafupi ndi thupi, ndipo ndinabwereradi kukakhala. Sindinatenthetse n'komwe pokhala, mayi wina anandikodola pakhomo.

Nkhani inali yakuti adzukulu, anyamata okumba manda aja, asiya ntchito. Fabiano anawatsatira kumanda ndi khasu, nalumphira m'dzenje kuti akumbe nawo. Anamuuza mwaulemu kuti wachibale sakumba manda a mbale wake. Iye anawayankha kuti akukumba mokhota, ndipo atsibweni ake sangagone m'dzenje lokhala ngati la chimbudzi. Atamugwira kuti amutulutse, anamenya mmodzi chibakera pakamwa. Tsono adzukulu anali atakhala pansi pa mtengo makasu ali pambali, akuti ngati banja lili ndi wokumba wake, akumbe yekha. Mkazi sapita kumanda maliro asananyamuke, choncho ndinatuma msuweni wathu wina kukapepesa. Anabwerako ndi yankho lakuti pafunika nkhuku. Ndinali ndi tambala mmodzi yekha, yemwe ndinkasungira Pasaka. Ana anamuthamangitsa m'matope anthu akuona, ena akubisa kuseka m'zitenje.

Apo n'kuti anthu atayamba kufika. Anabwera a m'midzi yozungulira, makasu atawasiya m'minda. Anabwera a ku Dambe, mapazi atatupa ndi ulendo. Anabwera matenanti a kumaesiteti, anthu a kumwera olankhula mokoka, amene alongo anga ankawanyamulira nkhuni ndi fodya pangolo. Anabwera achibale a kutsidya kwa malire panjinga, mathalauza atawamanga ndi luzi m'miyendo. Zinali zaka zija zitenje za zipani zitangochuluka, ndiye pabwalo panali mitundu yonse, anthu amene pamsonkhano sapatsana moni atapanikizana pamphasa imodzi kuthawa madzi. Aliyense wolowa m'nyumba ankagwada, kulira pang'ono, kundigwira dzanja, kenaka n'kusendera kukhutu kwanga. Wina anati mwanayo ndimupititse kumapemphero a kuphiri. Wina anati zimenezi n'zochita kumulodza abale a bambo ake. Wina anati ndi kulera kwanga, koma ananena mondimvera chisoni. Palibe anandifunsa za alongo anga, mmene anadwalira kapena mawu amene anasiya. Maliro anali a munthu wina, koma nkhani pabwalo ponse inali ya mwana wanga.

Alamu anga, mkazi wa malemu, anali chikhalire kumutu kwa thupi kuyambira dzulo, mawu atatha ndi kulira. Anthu atachepako m'nyumba, anandigwira chitenje n'kundikokera pafupi. Analankhula motsitsa, osandiyang'ana. Anati iwo amukonda Fabiano, amuphikira zaka zonsezi, amuchapira, koma tsopano atsala okha ndi ana aakazi atatu, ndipo amene ankatha kumugwira akalusa ndi uyu wagona apayu. Alongo awo anenetsa kuti mnyamatayo asabwererenso kumudzi kwawo. Zovala zake anabwera nazo kale, zili m'thumba la feteleza pangolo. Ndikanawatsutsa bwanji, pamene ine mayi wake ndinalephera ndili ndi mwamuna m'nyumba?

Nditatuluka kuti ndipume mpweya, amuna anga anali akundidikira pakona ya nyumba. Zikuoneka kuti za thumba lija anali atazimva kale. Anati iwo ndi mkamwini, sangalamule pamudzi wa eni, koma mnyamatayo akagona m'nyumba usiku umenewu, iwo atenga Roza n'kupita kwawo. Anati fodya ali m'chigafa, masamba oyamba angosokedwa kumene, ndipo sangagone maso ali kunja mpaka Epulo. Ndinawafunsa ngati nkhaniyi singadikire kuti tiike kaye malemu. Anati dzuwa likamalowa sililabadira kuti pamudzi pali maliro. Roza anali kumbuyo kwawo atagwira malaya awo, mtsikana wamkulu ndithu wa sitandade folo. Kuyambira pamene ngolo inafika, anali asanayende yekha ngakhale kupita kuchimbudzi.

Chifukwa cha mkangano wa kumanda uja, mwambo unayamba dzuwa litapendeka kale. Thupi linaikidwa m'bokosi, anthu nayamba kulowa kuona nkhope. Fabiano anali atakhala patayala la ngolo, malaya ali dothi lofiira la kumanda. Anamuitana, anakana. Anamuitananso, anatembenukira kumbali. Kalipentala atatenga hamala kuti akhome, ndiye pamene anadzuka n'kulowa, nakankha anthu, naima pamutu pa bokosi. Sanalire. Anangoima n'kumayang'ana, nthawi n'kumapita, kwaya kunja ikubwereza nyimbo yomweyo, kalipentala hamala ili m'manja akuyang'ana ine. Aliyense ankaopa kumukhudza. Potsiriza anawerama n'kukonza kolala ya malaya a atsibweni ake, imene sinali yopindika n'komwe, n'kutuluka.

Bokosi linaikidwa pabwalo patebulo. Mwambo wa mapemphero unatsogoleredwa ndi akatekisiti, amene anafupikitsa ulaliki poona mitambo imene inkachita bii chakumadzulo. Kenaka msuweni wathu uja anaimirira kunena mbiri ya malemu: kumene anabadwira, kumene anakwatira, mmene anagwirira ntchito paesiteti mpaka kugula ng'ombe zawo. Pomaliza anati malemu asiya mkazi ndi ana atatu, onse aakazi.

"Mwasiya mmodzi," anatero Fabiano ali chikhalire kumbuyo kwa abambo. Sanakweze mawu, koma bwalo lonse linamva. Msuweni anayang'ana uku ndi uku. "Ana ndi anayi. Mwasiya ine."

Ine ndinali pamphasa kutsogolo, wamoyo, anthu onse akundiona, mwana amene ndinamubereka ndekha m'nyumba yomweyo akudziwerengera m'gulu la ana amasiye. Ndinafuna kudzuka kuti ndikamukoke khutu ngati kale, komanso ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Msuweni anayamba kufotokoza kuti mwana wa mlongo ndi mphwake wa munthu, osati mwana, koma alamu anga anadzutsa mutu n'kunena ndi mawu osasa aja kuti n'zoona, ana ndi anayi. Anali omwewo amene anali atalongedza zovala zake m'thumba. Msuweni anabwereza chiganizocho ndi ana anayi, kwaya n'kuyamba nyimbo mofulumira.

Titangonyamuka, mvula inatsika yeniyeni. Njira ya kumanda kwathu imadutsa pakati pa minda, yopapatiza, ndipo tsiku limenelo inali ngati phala. Patsogolo panali mtanda, kenaka amayi onyamula nkhata, kenaka bokosi, ife anamfedwa pambuyo titagwiriziridwa m'mikono. Mwambo wake, abambo amalandizana bokosi pafupipafupi kuti aliyense anyamuleko. Fabiano anagwira kutsogolo kudzanja lamanja, ndipo sanasiyenso. Aliyense wobwera kudzamulandira ankamubweza ndi chigongono. Iye ndi wamtali kuposa ambiri, ndiye bokosi linayenda chopendekeka njira yonse, akumbuyo akudandaula pakati pa nyimbo kuti kulemera konse kuli kwa iwo. Potsetsereka kulowa kukamtsinje, anaterereka n'kugwa ndi bondo. Ngodya ya bokosi inamucheka khutu, magazi n'kuyenderera ndi mvula mpaka m'malaya, koma sanalole kuti ligunde pansi. Anadzuka nalo. Kumbuyo kwanga ndinamva mayi wina akuti chimenechi ndiye chikondi, mnzake n'kuyankha kuti ndi mphamvu ya fodya wamkulu. Ine sindikudziwa mpaka lero.

Kumanda tinapeza dzenje litalowa madzi, adzukulu akukapa ndi ndowa. Uja womenyedwa uja mlomo unali utatupa, ndipo atandiona anayang'ana kumbali. Tinaima pamvula mpaka anamaliza. Pamene ankamanga zingwe kuti atsitse bokosi, ndinayang'ana pamene panali Fabiano, ndipo panalibe. Pamudzi panatsala amayi ophika okha. Chigafa chinali chokha. Ndinayamba kuunguza pamwamba pa mitu ya anthu, kuseri kwa mitengo, kunjira imene tinadzera, ndikuyang'ananso kumwamba kwa mudzi ngati kukufuka utsi wachilendo. Pamene ndinabweza maso, bokosi linali litafika kale pansi, akatekisiti akuwaza madzi odalitsa. Mlongo wanga mmodzi yekhayo, amene anandibereka kumsana ndili khanda, analowa m'manda ine ndikuyang'ana kwina. Poika nkhata anaitana ana a malemu. Anabwera atatu.

Pobwerera sindinadikire ondigwiriziza. Ndinayenda patsogolo pa anthu onse, chitenje chitamatirira m'miyendo. Chigafa chinali chilili. Fabiano ndinamupeza m'khitchini mwanga atanjuta, poto wa nyama ya alendo akuchikazi ali pakati pa miyendo, akudya ndi manja onse awiri. Amayi ophika anali ataima patali, akuti anayesa kumuletsa. Apo ndiye zonse za tsikulo zinandikwera kumutu. Ndinamuuza za chimanga cha aneba, za tambala wanga, za mlomo wa mdzukulu, za manyazi a pabwalo. Ndinamuuza kuti wandilanda ngakhale kutsanzikana ndi mlongo wanga. Ndinamufunsa kuti munthu wolimbirana bokosi njira yonse amathawa bwanji pa nthawi yeniyeniyo. Anameza, napukuta pakamwa ndi mkono.

"Sindinafune kumva dothi likugunda bokosi," anatero.

Anatenganso nthuli ina. Ndinamulanda poto uja n'kupatsa amayi kuti aone chimene angachite ndi msuzi wotsalawo.

Anthu atadya anayamba kubalalika msanga, kuopa mitsinje kudzaza. Nkhani za banja zimakambidwa patapita masiku, pometa, koma amuna anga anaumirira kuti iyi yokha ithe lero. Tinakhala pakhonde la kuseri: ine, iwo, amayi athu aang'ono amene ndiwo wamkulu wotsala pamtundu pathu, msuweni uja, ndi mlongo wawo wa alamu anga. Fabiano anali pangolo chapafupi, akumanga khutu ndi kansanza, ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina.

Mlongo wa alamu anayamba ndi kuyamika ubale, namaliza ndi kunena kuti ng'ombe ndi ngolo zibwerera ku Dambe kukalera ana, ndipo oyendetsa aliko. Msuweni anati iye akanamutenga Fabiano, koma nyumba yake ndi ya chipinda chimodzi. Anati bwanji akalembedwe ganyu paesiteti. Ndinamukumbutsa kuti maesiteti ali m'mphepete mwa malire, kachasu ali pakhomo lililonse, ndipo mwezi sungathe tisanaitanidwe. Wina anatchula za sukulu ya ana osamvera imene anamva kuti ili kutali kumwera, koma panalibe wodziwa kuti munthu amalowako bwanji. Amayi aang'ono anaganiza nthawi yaitali, kenaka anati timupezere mkazi, mwina angakhazikike. Ndinaseka, pamaliro a mlongo wanga, mpaka anandiyang'ana moipidwa. Anthu omwewa pa zinkhoswe amakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma madzulo amenewo aliyense ankayang'ana zala za kumapazi kwake. Kenaka maso onse anatembenukira kwa ine, amayi aang'ono n'kunena kuti pajatu mwana ndi wanga.

Ndinati ndikudziwa, ndinamubereka ndine. Ndinayang'ana Roza, amene ankasuzumira pazenera. Ndinayang'ana Fabiano. Mawuwo sindinafune kuti atuluke pakamwa pa amuna anga, kuti mawa anthu adzati bambo womupeza ndiye anamuthamangitsa.

"M'nyumba mwanga sagona," ndinatero. "Ndidzamuphikira, ndidzamuchapira, akadwala ndidzamusenza. Koma kugona ayi."

Fabiano sanatembenuke. Anangopitiriza kumanga kansanza kaja, kamene kanali katamangika kale.

Amene anatsegula pakamwa anali amuna anga, akuyang'ana kumbali. Anati kudimba kwawo, kutsidya kwa dambo, kuli msasa umene amagonamo nthawi ya chilimwe polondera matimati. Uli pachulu, madzi safika. Akhoza kukhala kumeneko mpaka tikolole, kenaka tidzaone. Koma kuchigafa asayandikire, ndipo dzuwa likalowa asaoneke pakhomo. Aliyense anavomera mofulumira kwambiri, ngati anthu amene atula katundu. Amayi aang'ono anafunsa Fabiano ngati wamva. Iye anafunsa chinthu chimodzi chokha, kuti ng'ombe zinyamuka liti. Atamuuza kuti likatha tsiku lometa, anauza mlongo wa alamu kuti yakuda ija isamamangidwe kumanzere chifukwa imakoka mokhota. Bamboyo anangoti wamva.

Mvula inali itakata pamene tinanyamuka. Ine ndinasenza mphasa, bulangete ndi kambale ka chakudya. Fabiano ananyamula thumba lake. Ndinati ndimuthandize pamene tinkawoloka dambo, anakana, nalikumbatira pachifuwa. Msasawo unali woipa kuposa mmene ndinkaukumbukira. Udzu wa padenga unali utawola mbali imodzi, pansi pali ndowe za mbuzi. Ndinathyola nthambi n'kusesa, ndinayala mphasa kumbali youma, ndinamusonkhera kamoto. Iye anangoima pakhomo n'kumandiyang'ana, osatola ngakhale kachitsotso. Nditamaliza anakhala pansi, navundukula mbale.

"Mawa ndibwere kunyumba?"

"Ubwere masana."

"Masana okha?"

"Masana okha."

Anagwedeza mutu, nalawa nyemba, n'kundiuza kuti mulibe mchere. Ndinamuuza kuti amene anadya nyama ya alendo alibe pakamwa ponenera za mchere. Ndinatembenuka n'kumapita, chifukwa ndikanakhala pang'ono ndikanamumenya ndi mbaleyo kapena ndikanamuuza kuti tiye kunyumba, ndipo zonse ziwiri zinali zosathandiza.

Ndinafika pakhomo kukuyamba kuda. Pabwalo panali mapazi okhaokha m'matope, mafuwa akuda, ndi mabenchi osanjikizana podikira kubwezedwa. Alamu anga ndi amayi otsala anali atasamukira kwa amayi aang'ono, chifukwa pansi pa nyumba yanga panali ponyowa ndi mapazi a anthu. Munatsala ife atatu. Roza anandifunsa ngati achimwene ake abwere. Nditati ayi, anagona pomwepo, chakudya chili m'manja. Ndinakhala pamalo pamene panali mphasa ya alongo anga, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku lonselo ndinapeza mpata wowalira. Amuna anga anandisiya ndilire. Nditatonthola, anatambasula dzanja pazenera kuti atenge wailesi yawo amvereko nkhani motsitsa. Anapapasa, nadzuka, nasuntha nyale, nayang'ana pansi pa bedi. Kenaka anaima n'kundiyang'ana, ine n'kuwayang'ana.

M'nyumba munali zii, kunja achule okha. Titatchera khutu, kuchokera kutsidya kwa dambo kunkamveka kanyimbo, kutali kwambiri, kakubwera ndi kupita ndi mphepo. Amuna anga anatenga nsapato imodzi n'kuvala. Anagwira inzake nthawi yaitali. Kenaka anavula ija anavala, nakhala pabedi, n'kunena kuti mabatire ake ndi akale, atha okha.

Anazimitsa nyale n'kugona. Ine ndinatsegula zenera pang'ono n'kukhala pomwepo. Malinga kanyimboko kakumveka, ndinkadziwa pamene mwana wanga ali.